Ine anidule chabe pa payslip

Mnzanga, month end ukaona NHIMA yadulako 1% pa payslip umadandaula, si so? Naine nenze so. Basic ya K4,000, K40 yayenda.

Manje mvela. Ba sisi banga bankala mu chikwati zaka 7, kulibe mwana. Bapongozi bayamba kale kukamba za mkazi winangu. Ndalama za chilimba zinasilila ku ng'anga na ku ma clinic ya private. Dokota anakamba kuti chasala ni IVF, kukumanitsa mbeu ya mwamuna na ya mkazi mu lab. Mtengo wake unapitilila salary ya ba mulamu ya chaka chonse. Banabwela chabe kunyumba, zii.

Lamulo ikakakamiza insurance kulipilako vamene ivi, azalipila ndani? Ni ise. Tisanamizane, vodula vizakwela.

Koma WHO inakamba mu 2023 kuti munthu 1 pa 6 aliyense amakumana na vuto yosabala. Mu minibus yamene wakwela lelo, ni babili olo batatu, sibakamba chabe.

Tikagabana tonse, iwe uzachepesako bundle. Tikabasiya beka, ba sisi bazaluza chikwati. Ine anidule. Nanga iwe?