Chilumba cha Livingstone: Boti ya Mphindi Zochepa, Nkhani ya Moyo Wonse

Funsani anyamata a ku Maramba, Dambwa kapena Libuyu kuti ni angati anapondapo pa Livingstone Island. Ambiri adzangoseka: "Aa, zija ni za azungu." Koma ni ife amene timayendetsa mataksi, kuphika mu malodge na kugulitsa ziboliboli kwa anthu amene amawoloka nyanja kubwera kudzaona chilumba chili makilomita 10 chabe kuchoka mu tauni.

Ulendo umayambira pa doko la m'mbali mwa mtsinje. Akuveka jekete yoyandamitsa, boti ya injini n'kuyamba kukhotakhota pakati pa miyala ya Zambezi. Kutsogolo utsi wa Mosi-oa-Tunya ukukwera, phokoso likukula, ndipo ngakhale wamakani uja amakhala zii. Tiyi isanazizire, mwafika. Chokulandirani nacho ni maheu, omwe aja a kunyumba.

Chilumba chikhala pamlomo penipeni pa mathithi, otambalala mamita 1,708, akuya kufika mamita 108. Apa m'pamene opalasa bwato a Makololo anafikitsa David Livingstone pa 16 Novembala 1855. Mkuluyu anabzala njere za zipatso na khofi, koma pobwerera mu 1860 anapeza mvuu zinaononga dimba lonse. Tauni inatenga dzina lake, koma odziwa njira pa madzi aja anali anthu a kuno.

Chimene ambiri amapitira ni Devil's Pool. Kuchoka pa chilumba mumasambira pang'ono motsatira wotsogolera, n'kulowa mu dziwe limene mwala wachilengedwe umatchinga kuti madzi asakukokereni kuphompho. Mugona chafufumimba pa mwalawo, wina akugwirani miyendo, inu n'kusuzumira pansi. Tinsomba tikukulumani kumapazi, ndipo ngati ni m'mawa utawaleza uli pansi panu. Mukatuluka, chakudya chikudikira pamthunzi.

Nyengo ni yofunika. Dziwe limatsegulidwa madzi akachepa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka cha mu Januwale. Mu Epulo na Meyi Zambezi imakhala yolusa, boti siipita n'komwe.

Manje nkhani ya ndalama. Mtengo amauwerengera mu madola, ndipo ngakhale ulendo wam'mawa, wotchipa pa yonse, umapitirira madola 100 munthu mmodzi. Kwa wogwira ntchito mu shopu, ni thukuta maningi. Koma chilimba chimene chimagula firiji na foni chingagulenso tsiku limeneli. Nyamulani NRC, funsani amene amayendetsa maulendowa ngati ali na mtengo wa nzika. Thumba likakana, pali maboti amadzulo opita kumtunda kwa mtsinje, kumbali ya chilumba cha Siloka, komwe mungaone mvuu, ng'ona na njovu dzuwa likulowa.

Chimodzi chabe musachite: kumvera mnyamata wokuuzani kuti akudutsitsani pamiyala wapansi pa ndalama yochepa. Miyala ija ni yoterera, ndipo amene waterereka pamlomo paja sabwerera. Palibe chithunzi cha pa Facebook chofanana mtengo na moyo wanu.

Yambani kusunga lero, Okutobala akupezeni okonzeka. Mwana akadzafunsa kuti kuseri kwa utsi uja kuli chiyani, mudzamuyankhe ngati munthu amene anaona na maso ake.