Usiku umene tinapatsa amalume soda

Amalume athu ali na chipsela kuchoka pansi pa chifuwa kufika pa mchombo. Anali kumwa mapilisi a ululu tsiku na tsiku asanadye kanthu, mpaka chilonda chinaboola chifu. Usiku umenewo mimba inauma gwa monga thabwa. Ife tinati ni mpweya chabe, tinawapatsa soda. Tinafika ku chipatala m'mawa, madokota anachita kuwang'amba.

Tinamvetsa pambuyo pake, pokonza pulogilamu ya zaumoyo ku wailesi. Chifu chikabooka, asidi na zakudya zimatayikila m'mimba monse, mkati muyamba kuola, munthu angafe.

Masiku ano madokota amalowetsa kukamwa kapaipi ka kamera, endoscope. Mu 2004, Anthony Kalloo wa ku Johns Hopkins anaonetsa pa nkhumba kuti ungaboole chifu dala, upitile pamenepo osacheka khungu. Vuto inali pobwelela: utseka bwanji? Kabowo kang'ono amakapana na tuzitsulo monga mapegi oyanikila zovala. Kakakulako, pali kamsampha ka nitinol koluma mbali zonse pamodzi, kapena kamakina kosoka kumapeto kwa paipi.

Koma njila izi zimagwila bwino ngati bowo yaoneka msanga, mkati musanaipe. Nthawi ndiye yonse, ndipo ife tinaitaya.

Amalume akavula shati kuti asambe, timaona usiku uja. Anzathu, mimba ikawawa mwadzidzidzi na kuuma, osayembekeza kuti kuche. Funani motoka.