Mpweya wa atsibweni

Senderani kuno, adzukulu anga, muyambe mwaika pansi mafoniwo, ndikusimbireni za vaneti ya atsibweni anga ndi mpweya umene inkayenda nawo. Atsibweni ndi mawu akwathu ku Katete. Inu ana a m'tauni mumangoti ankolo, koma kwa ife Achewa mlongo wa mayi ako ndiye mwini mbumba, akakuitana sufunsa chifukwa. Anandiitana ndili kamnyamata, ndinakwera basi mpaka ku Lusaka, kuchoka apo sitima usiku wonse, ndipo m'mawa chimene chinandilonjera ku Livingstone ndi utsi wa mathithi, Mosi-oa-Tunya, utaima kummwera ngati wina watentha tchire.

Iwo anabwera kale, m'zaka za m'ma 1970, kudzagwira ntchito ku Livingstone Motor Assemblers kumene ankamanga magalimoto a Fiat. Nthawi imeneyo tauni ino inkanunkhirabe utuchi wa mukusi wochokera ku Mulobezi, ndipo nkhalamba zinali zisanaiwale kuti mpaka 1935 likulu la dziko linali pompano. Mafakitale atayamba kuzilala, atsibweni anatenga kandalama kawo nagula vaneti ya Datsun 1200 yotopa, yoyera ngati phulusa, natsegula malo omata matayala patsinde pa mango ku Maramba. Ine ntchito yanga inali kutunga madzi a m'bafa loyesera machubu, kupala pozungulira bowo, kupaka solushoni, ndi kupopa.

Kupopa, ana inu! Pampu inali ya phazi, ndipo mwezi wa Okutobala kuno dzuwa limaotcha mpaka abuluzi amabisala. Tayala limodzi la lole, msana wagwa, malaya ngati wawolokera nawo Zambezi. Ndiye tsiku lina atsibweni anabwera ndi kompuresa ya petulo, yokoka ndi chingwe. Inkapopa ndithu, koma phokoso lake! Nkhuku zinkabalalika, mwana wa anansi ankadzuka ndi kulira, azakhali ankatikalipira pakamwa pokha pakuoneka, mawu osamveka. Atsibweni anaipirira miyezi ingapo, kenaka madzulo ena, akusamba m'manja ndi parafini, anandiuza kuti, "Mphwanga, tayala limalankhula monong'ona. Ndi chiphokoso ichi ndasanduka gonthi pa ntchito yanga yomwe."

Ankanena zoona. Munthu uja ankapeza bowo ndi khutu. Ankagwada, n'kugunditsa tsaya pa tayala, n'kumalizunguza pang'onopang'ono mpaka atamva kuti psii, apo n'kulavulirapo malovu kuti aone thovu. Ife enafe tinkadalira bafa ndi sopo.

Mankhwala a phokoso lija anawapeza pa mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja ina, m'Volvo yakufa imene nkhuku zinkaikiramo mazira. Anachotsamo kompuresa ya makina oziziritsa m'galimoto, ya mtundu wa York, chimbulumbulu chachitsulo cha makona ngati njerwa. Anandikhazika pansi nandionetsa chifukwa chake anasankha imeneyo. Zina za mtundu wina mafuta ake amayenda limodzi ndi gasi woziziritsa, ndiye ukazipatsa mpweya wamba zimauma n'kugwirana. York ili ndi kachipinda kakekake ka mafuta kunsi, ngati injini yaing'ono, ndipo bola uzithiramo oyilo imapopa mpweya osadandaula. Mafutawo ankawayeza ndi sipoko ya njinga imene anaipinda n'kuilemba timizere.

Kuimangirira m'kagalimoto kaja kunatitengera masabata. Malo m'boneti munalibe. Anasuntha batire, nawotcherera chitsulo chogwirira pambali pa injini, nafunafuna lamba wa muyezo wake mpaka anamupeza kwa wogulitsa zakale mumsika wa Maramba. Puli ya kompuresayo ili ndi kilatchi ya maginito, moti imangozungulira yopanda kanthu mpaka utadina switchi, apo imamveka kuti kha, n'kuyamba kukoka mpweya. Thanki anatenga ya mabuleki a lole, yozolowera kale mphamvu ya mabaa 8, naimanga kunsi kwa bodi pa zidutswa za tayala kuti isanjenjemere. Anaikapo geji, valavu yoletsa mpweya kubwerera, ndi kavalavu kotulutsa mpweya ukachulukitsa. Pa kameneka sankaseka ndi munthu. Mnyamata wina atafunsa ngati sitingakasiye, anamuyang'ana mpaka mnyamatayo anapita kukatunga madzi osatumidwa.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi chitini cha mkaka wa ufa. Atsibweni anamvetsera n'kuzindikira kuti phokoso lotsala linkachokera pokokera mpweya, osati potulutsira. Anatenga chitini cha azakhali, chosungiramo shuga, nachiboola, nachidzaza siponji ndi nsanza, nalumikiza payipi. Fumbi linkatsala m'menemo, phokoso nalo n'kutsala m'menemo. Azakhali anakwiya masiku awiri, shuga n'kusamukira m'botolo. Titailiza, injini ikungogunda pang'onopang'ono, singano ya geji inayamba kukwera, ndipo ine ndinkamvabe njiwa zikulira mumtengo wa mango. Atsibweni sanayankhule kanthu. Anangovula chisoti n'kudzikupiza nacho.

Kuyambira pamenepo sitinkadikiranso matayala kuti atipeze, tinkawatsata ife. Msewu wa Nakatindi wopita ku Kazungula unali munda wathu. Inu mwakulira mlatho wa Kazungula umene anatsegula mu 2021, simudziwa mzere wa malole umene unkadikira pantuni masiku ndi masiku, madalaivala akuphika nsima pansi pa matilela, tayala likuphwa pang'onopang'ono ngati munthu wosowa chiyembekezo. Tinkafika m'bandakucha, anthu ali mtulo m'makabu, ife n'kumata, n'kupopa, wina osadzuka ngakhale mmodzi kupatula mwini tayala. Kumidzi ya kwa Mukuni nako ankatidziwa, chifukwa zitsa za tsanya, mtengo umene kuno amati mopane, zimang'amba tayala ngati mpeni.

Ndiye pali mchenga. Dothi la kuno si katondo wakwathu ayi, ndi mchenga wa Kalahari, wofewa, wakuya, womeza galimoto mpaka m'mimba. Nzeru yake ndi kuphwetsa matayala, kuchoka pa mabaa 2 kufika cha pa 1, kuti tayala litambasuke ngati phazi la njovu. Ambiri ankadziwa zimenezo koma ankaopa, poti ukatuluka pamchenga upopa ndi chiyani? Ife tinkaphwetsa tikuimba mluzu.

Usiku wina anatidzutsa anthu a maliro. Lole yonyamula bokosi inali itaponcha kutali ndi tala, amayi atakhala m'mphepete mwa njira akuimba nyimbo za Chitonga motsitsa mawu. Atsibweni anaimitsa vaneti chapatali pang'ono, navula chisoti, napita kukagwira anamfedwa m'manja, kenaka n'kundikodola kuti ndikoke payipi. Tinavula tayala, tinamata chubu mowunikira ndi tochi, ndinadina switchi. Nyimbo sinaduke. Ine nditagwada pamchenga ndinkamva mawu onse a nyimboyo, ngakhale Chitonga changa chinali chosweka, mpweya ukulowa m'tayala chamumtima. Ndalama anakana.

Madzulo alionse, tikafika kunyumba, ntchito yomaliza inali yanga: kukwawira kunsi kwa vaneti n'kutsegula kampopi ka thanki kuti madzi atuluke, poti mpweya wopanikizika umasiya thukuta, ndipo thukutalo limadya chitsulo ndi dzimbiri. Ankatuluka madzi abulawuni, onunkha oyilo, n'kusiya kadontho pamchenga. Ndikaiwala, atsibweni sankakalipa. Ankadikira kuti nditsuke m'manja, ndikhale pa mbale, nditeme mbamu yoyamba, ndiye n'kufunsa mofatsa kuti, "Kodi thanki yakodza?"

Datsun ija inatha, bodi yake inapita kwa ogula zitsulo. Thanki ndi imene wakhalirayo, iwe wamng'ono. Tadzuka pang'ono uone kunsi kwake, kampopi kaja kakadalipo.