Ulendo Wathu wa ku Gorongosa

Mlimi amadziwa ulendo wa ku maliro, wa ku cipatala ndi wokagulitsa mbeu. Ulendo wongokaona dziko, ambiri timati ndi wa azungu. Koma dziko ili ndi lathu, ndipo ndi bwino kuti tilidziwe. Cifukwa ca ici, ife a sukulu ya akulu, mphunzitsi ndi ophunzira pamodzi, tinasonkha ndalama titakolola. M'mwezi wa Agosto tinapita kukaona Gorongosa, m'cigawo ca Sofala.

Tinacoka ku Ulongwe m'mamawa pa macimbombo. Tinaoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete. Pa njira ophunzira anali kuwerenga okha maina a malo: Changara, Catandica, Chimoio, Inchope. Mai wina wacikulire anawerenga dzina lililonse mokweza. Palibe amene anafunsa kuti, "Kodi pano ndi pati?" Tsiku laciwiri tinaoloka mtsinje wa Pungwe, ndipo tinafika pa msasa wa alendo wa Chitengo.

Malo awa ali ndi mbiri yace. M'caka ca 1920 Companhia de Moçambique inawapatula kuti akulu ace azisakamo nyama. M'caka ca 1960 boma la Apwitikizi linawasandutsa malo osungira nyama. Alendo ambiri a masiku amenewo anali azungu. Dziko litalandira ufulu mu 1975, kunabuka nkhondo ya paciweniweni imene inatha mu 1992. Nkhondoyo inapha anthu, inaphanso nyama. Pa nyama zikuluzikulu 10 zilizonse, zoposa 9 zinafa. Mu 2008 boma linapangana ndi bungwe la Greg Carr, wa ku Amereka, kuti akonzenso malowa. Lero nyama zikubwerera.

Tinaziona ndi maso athu. Tinakwera galimoto yopanda mazenera, pamodzi ndi mlonda wodziwa thengo. Tinaona njobvu ndi ana ace. Tinaona njati, njiri, anyani ndi nswala. M'cigwa cacikulu, pafupi ndi nyanja ya Urema, munali anakodzwe ambirimbiri, osawerengeka. Mlonda anatiuza kuti mimbulu inali itatha, koma mu 2018 anabweretsa ina. Anatilangiza kuti tisatsike m'galimoto, tisapfuule, ndipo tisataye zinyalala. Mlendo amamvera mwini mudzi.

Bambo wina wa kalasi lathu, mlimi wa dimba, sanayang'ane nyama zokha. Anafunsa kuti, "Mvula inaleka kalekale. Nanga madzi onsewa akucokera kuti?" Mlonda analoza kutali, kumene phiri linali kuoneka m'mitambo.

M'mawa mwace tinapita ku phirilo. Ndi lalitali mamita 1863. Anthu a kumeneko amalilemekeza, pakuti ndi malo a mizimu ya makolo ao. Tinasiya galimoto ndi kuyenda pansi. Tinakwera pang'onopang'ono, miyendo ili kuwawa. Tinafika pa mathithi a Murombodzi. Madzi anali kugwa kucokera pamwamba pa thanthwe, ozizira ndi oyera. Tinasamba kumaso, tinakhala pa miyala, ndipo tinadya kamba wathu.

Pamenepo tinamvetsa yankho la funso lija. Mphepo yocokera ku nyanja yaikulu imabwera ndi mitambo. Mitambo ikagunda phiri, mvula imagwa. Masamba a mitengo amaleza mphamvu ya mvula. Mizu imagwira dothi. Madzi amalowa pansi, ndipo amatuluka pang'onopang'ono caka conse. Mitsinje monga Vunduzi imatenga madziwo ndi kupita nao ku nyanja ya Urema. Phiri lili ngati mtsuko. Mitengo ikadulidwa, mtsuko wasweka. Ndi cifukwa cace mu 2010 boma linaika mbali ya pamwamba ya phiri m'malo otetezedwa.

Koma anthu okhala pa phiri nao amafuna kudya. Kale ambiri anali kudula nkhalango ndi kutentha kuti atsegule minda. Sanali kucita ici cifukwa ca nkhanza. Njala ndiyo inali kuwakakamiza. Tsopano alimi ambiri akubzala khofi. Khofi uyu amakonda mthunzi, motero mlimi amabzalanso mitengo yacilengedwe m'munda mwace. Mtengo ukakula, khofi amabereka bwino, mlimi amapeza ndalama, ndipo kasupe sauma.

Pobwerera tinali kukambirana za mapiri a kwathu ku Angónia. Ambiri ali mbee, opanda mtengo. Akulu amakumbukira timitsinje timene sitinali kuphwa. Lero amai amafukula mcenga m'mwezi wa Outubro kufuna madzi. Ife tilibe njobvu, koma tili ndi ng'ombe, madimba ndi ana, ndipo zonsezi zimamwa.

Kalasi lathu lapangana zinthu zitatu. Tidzafesa mbeu za mitengo pambali pa sukulu. Sitidzadula mtengo pafupi ndi kasupe. Tidzapempha amfumu kuti aitane msonkhano wa za moto wa thengo, ndipo mau a msonkhanowo tidzawalemba tokha m'buku.

Nanga inu anzathu, mtsinje umene mumatungako madzi umayambira pa phiri liti? Pitani mukaone ngati mitengo ikalipo.