Wotsatsa Malonda ndi Amai a Ciponde

Mu mzinda wa Chipata muli bambo wina amene nchito yace ndi kupeka mau otsatsa malonda. Anayamba ndi kulemba zikwangwani za magolosale ku Kapata, ndipo pamene a Mike Daka anatsegula wailesi ya Breeze FM kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, anaphunzira kulengeza malonda a eni ace pa wailesi m'Cinyanja.

Tsiku lina kunafika amai atatu ocokera m'mudzi wa m'njira ya ku Chadiza, atasenza mabotolo a ciponde cimene kabungwe kao kanali kupera. Malonda sanali kuyenda, pakuti cifikire masitolo akuluakulu monga Shoprite, imene inalowa m'Zambia mu 1995, ogula anazolowera mabotolo onyezimira a ku Lusaka ndi ku South Africa. Ndalama zimene amaiwo anaika pa tebulo zinali za mbuzi ziwiri zimene anagulitsa.

Bamboyo anacita monga amacitira makampani akulu. Analemba kuti ciponde cimeneci ciposa cina ciriconse m'dziko muno, naonjezapo nyimbo yaphokoso. Mwezi unatha, theka la ndalama linapita, koma mabotolo anali cikhalire. Iye anasowa tulo. Pamene anadandaulira amalume ace, iwo anangoti, "Mphwanga, ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika. Kodi unapita kukaona kumene acipera?"

Mmawa mwace anapalasa njinga kunka kumudziko. Anapeza amai atakhala pa mphasa ndi malicero, akusankha nshawa za Chalimbana imodzi-imodzi ndi kutaya zonse zacuku, pakuti cuku ca nshawa ciri ndi ululu umene umaononga ciwindi. Pomwepo anakumbukira bungwe la COMACO, loyamba mu 2003, limene ciponde cace ca It's Wild! cinapeza malo m'masitolo akulu pouza ogula za alimi a ku cigwa ca Luangwa amene analima nshawazo. Anazindikira kuti kampani yaikulu ingathe kugula nthawi yambiri pa wailesi, koma singathe kuchula dzina la mudzi ndi manja amene anasankha nshawa.

Tsono analembanso. Nyimbo anaicotsa, ndipo anapempha amai a pampando kuti alankhule okha: dzina la mudzi, mtundu wa nshawa, mtengo wa botolo ndi pamene amakhala pa Saturday Market. Uthengawo anauika madzulo, anthu atabwerako kumunda. Anawalangizanso kulemba pa botolo kulemera kwace ndi tsiku lopera, kupereka ciponde ku ZABS kuti ciyesedwe, ndi kulembetsa dzina lao ku PACRA kuopa kuti wina angalitenge.

Masitolo akulu sanagwedezeke, ndipo mashelefu ao akali odzala. Koma pamsika panayamba kufika anthu ofunsa ciponde pochula dzina la mudzi, ndipo wogula kamodzi anali kubweranso. Pofika nyengo yokolola amaiwo anali atagula mbuzi imodzi.

Pa nchito yaciwiriyo bamboyo anakana malipiro. Amai a pampando ataumirira, iye anati, "Iai amai, mbuzi yanu inayo ndinaidya ine ndi phokoso langa lija." Analandira botolo limodzi lokha, napita nalo kwa amalume ace.