Chisankho chachete cha ku Vaduz

Ku Ulaya kuli kadziko kotchedwa Liechtenstein, kopanikizika pakati pa Switzerland ndi Austria ngati mwana wogona pakati pa akuluakulu awiri. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 160 basi, moti boma lathu la Chiradzulu likhoza kukameza kanayi n'kutsalako malo. Mutu wa dzikolo ndi kalonga, likulu lake ndi Vaduz, ndipo anthu ake lero ndi pafupifupi 40,000. Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya zisankho za kumeneko, ndipo chisankho chimodzi chandiima pakhosi ngati munga wa chambo.

Nyumba yawo ya malamulo, imene amaitcha Landtag, inayamba mu 1862 ndi aphungu 15. Atatu ankawasankha ndi kalonga mwini wake, enawo ankasankhidwa ndi nthumwi za anthu, mpaka mu 1918 pamene amuna anayamba kudzisankhira okha aphungu. Zimenezo tizisiye. Nkhani yanga ili pa 1939.

Mu Malichi 1938 Hitler anameza Austria, ndipo anthu a ku Liechtenstein anangodzuka m'mawa n'kupeza kuti Germany yafika pakhomo. Kadzikoko kanali ndi anthu ngati 11,000, ndipo kanalibe msilikali ngakhale mmodzi, poti gulu lankhondo analithetsa kalekale mu 1868. M'kati momwemo munabadwa gulu la otsatira Hitler, lofuna kuti dzikolo liphatikizidwe ku Germany. Zipani ziwiri zikuluzikulu, FBP ndi VU, zinali pa udani wa mphaka ndi khoswe, koma poona moto kuseri kwa nkhokwe zinapanga boma limodzi pansi pa nduna yaikulu Josef Hoop. Usiku wa pa 24 Malichi 1939 otsatira Hitler aja anayesa kulanda boma, koma analephera.

Nthawi ya chisankho cha aphungu inali itakwana. Apa ndi pamene akuluakuluwo anachita chinthu chimene ine chikundisowetsa mtendere. Anagawana mipando pa tebulo: isanu ndi itatu kwa FBP, isanu ndi iwiri kwa VU. Analemba mndandanda umodzi wa maina, ndipo mu Epulo onse olembedwawo anakhala aphungu popanda munthu kuponya voti. M'chinenero chawo amati chinali chisankho chachete. Cholinga chinali choti a Hitler asapeze nsanja ya kampeni, ngakhale mpando umodzi woti Berlin ikanalozapo chala n'kunena kuti: mwaona, anthuwa akutifuna.

Kwa Mmalawi mawu oti "wadutsa popanda wopikisana naye" sakoma m'khutu. Ine ndinabadwa mochedwa, sindinaone ndi maso, koma makolo athu akudziwa za 1964 ndi 1971 pamene aphungu a Kongeresi analowa m'nyumba ya malamulo popanda kuvota. Nawonso ankauzidwa kuti ndi chifukwa cha umodzi, kuti kunja kuli adani. Ndiye ndikamva kuti ku Vaduz anabisa bokosi la mavoti pofuna kupulumutsa dziko, mtima wanga umayamba wakana. Wolanda ufulu aliyense amabwera atanyamula mdani m'thumba.

Komabe ndikaunika bwino, sindingathe kuwaika m'dengu limodzi. Mdani wa ku Vaduz sanali wopeka. Anali ndi akasinja kutsidya kwa malire. Amene anagwirizanawo anali zipani ziwiri zosakondana, ndipo chilichonse chinasunga dzina lake ndi nyuzipepala yake. Chachikulu n'chakuti anabweza chimene anabwereka. Zoona, mu 1943 Kalonga Franz Josef II anawonjezera nthawi ya aphungu omwewo, zomwe zikusonyeza kuti mpando wopatsidwa mwaulere umatsekemera kulikonse. Koma mu Epulo 1945, nkhondo isanathe n'komwe, anthu anavotanso. Kwathu kuno tinadikira mpaka pa 14 Juni 1993 kuti tifunsidwe ngati tikufuna matipate. Ndikanakhala wa ku Vaduz mu 1939 ndikhulupirira ndikanavomereza, koma ndikung'ung'udza, n'kumawerenga masiku.

Ndati "anthu anavotanso". Eti anthu! Anali amuna okhaokha. Chete weniweni wa ku Liechtenstein sanali wa 1939, koma wa amayi, ndipo ameneyu panalibe Hitler womunamizira. Mu 1971 abambo anafunsidwa pa riferendamu ngati akazi awo, alongo awo ndi amayi awo owabereka angavote. Anakana, kusiyana kwake mavoti 81. Mu 1973 anafunsidwanso, n'kukana mokweza kuposa poyamba. Tangoganizani bambo akuchokera kokana, n'kufikira kufunsa ngati chakudya chapsa.

Zinatheka pa 1 Julayi 1984, pamene ovomera anali 2,370 ndipo okana 2,251. Mavoti 119 okha, anthu osadzaza ngakhale mabasi awiri a ku Mzuzu, ndi amene anapangitsa Liechtenstein kukhala dziko lomaliza ku Ulaya kulola amayi kuvota pa zisankho za dziko. Pa chisankho cha 1986 Emma Eigenmann wa FBP analowa mu Landtag, mayi yekha pakati pa abambo 14. Apa ndimanyadirako pang'ono, poti Rose Chibambo anali kale phungu ku Zomba mu 1964, ngakhale kunyadako kumazirala ndikakumbukira kuti chaka chisanathe anali atachotsedwa pa udindo ndipo posakhalitsa anathawira ku Zambia.

Lero Landtag ili ndi aphungu 25, ochokera ku Oberland 15 ndi ku Unterland 10, ndipo kalonga akadali ndi mphamvu yokana lamulo limene aphunguwo avomereza. Mu 2025 dzikolo linapeza nduna yaikulu yoyamba yachizimayi, Brigitte Haas wa VU, patatha zaka 41 chichitikireni riferendamu ija ya mavoti 119.