Utsi wa Seputembala kwa Kanduku

Masiku ano kwa Kanduku mapiri a m'malire sakuonekanso bwino, ndi utsi wokhawokha. Wina akusaka mbewa, wina akutentha mapesi kumunda, winanso wasiya uvuni wa makala ukufuka, moto n'kuthawira kutchire. Ndipo tisamangoloza chala anzathu a kutsidya kwa malire ku Zobue ayi. Utsi sudinditsa pasipoti pachipata cha Mwanza: wathu umapita kwawo, wawo umabwera kwathu, kutengera kumene mphepo yalowera tsiku limenelo.

Chimene ambiri sitichizindikira n'chakuti usiku kukakhala bata, mpweya wozizira umatsikira m'madambo ndi m'zigwa n'kukhazikika, utsi n'kutsekeredwa pansi pomwepo, pamene timapumirapo ife. N'chifukwa chake chifuwa chimavuta kwambiri m'mamawa, makamaka kwa ana, agogo ndi odwala mphumu. Dzuwa likakwera, mphepo n'kuyamba, utsi uja umamwazika.

Amayi, mwana wa mphumu musamamutume kumjigo mbandakucha, dikirani kuche ndithu. Inunso abambo otentha mapesi, lambulani kaye m'mbali mwa munda, mitengo ya manachesi ikapsa sichira msanga. Chizimalupsa chikadali kutali, mwina kumapeto kwa Okutobala uko.